Zala Zitatu Pansi pa Khungu

Vubwi, 27 Okutobala 2024

Wokondedwa mlongo wanga Mthunzi,

Moni wochokera kuno kumudzi. Kaya iwe ku Cape Town kumeneko? Chichokere kuno mu Ogasiti walemba kamodzi kokha, ndipo theka la kalatayo linali la nyengo.

Atate ali bwino. Amayi ali monga umawadziwira, mpango pakhosi ngakhale kukutentha chonchi, kubisa chotupa chawo chija. Mng'ono wanga Elina wasiya kupita kudimba, amakhala pamphasa kuswa nsawa. Mwamuna wake Amos akupitabe ku Mozambique kukagula mbuzi.

Ndikulemba papepala monga mwa nthawi zonse. Ndidzalijambula ndi foni n'kukutumizira ndikapita ku boma, chifukwa nsanja ya netiweki ya kuno imagona magetsi akathima, ndipo chaka chino amathima kuposa mmene amayakira. Chulu chija tinkakwerapo poimba foni tsopano changokhala chulu.

Kachida kako kaja unasiya, koona m'thupi mwa munthu, atate anakaika m'kabati pakati pa makapu a alendo. Mlendo aliyense amaonetsedwa, afune asafune. Abusa anakanyamula n'kunena kuti n'kopepuka ngati chitsononkho. Atate sanakondwere nawo mawuwo.

Tsono ndili ndi funso. Pakhomo pano pali wina amene thupi silikumuyendera bwino. Sinditchula dzina. Ukudziwa kuti pali zinthu zimene sizilembedwa papepala, makamaka kwa mwana wamwamuna. Anamwino a pakiliniki yathu anamuona, anati apite kuchipatala chachikulu ku Katete akamuunike ndi makina, akakhalenso komweko mpaka nthawi itakwana. Mwezi uno ukuudziwa. Mizere sitinathe, ng'ombe ndi ziwiri zomwe zija, ndipo wopita ku Katete sapita yekha, amatenga womudikira. Ndiye atate akuti tipitirenji kutali pamene makina ali m'kabati. Foni yakale ija unasiya pamodzi ndi kachidako ikuyakabe. Mafuta oterera aja anatha tsiku lomwe unkaonetsa anthu mitsempha ya pamkono.

Undiuze zoona, osati zodzitama. Kachida kako kamaonadi, kapena kanali ka chionetsero?

Ndine mlongo wako,
Clementina


Cape Town, 2 Novembala 2024

Asisi a Clementina,

Ndakondwa kumva kuti nonse mulipo. Ine ndili bwino. Pepani chifukwa cha kusalemba, ntchito yandipanikiza.

Amene mukunenayo ndamudziwa, musavutike kumutchula. Ndinaona ndekha mu Ogasiti ndipo ndinakhala chete chifukwa ndikudziwa kuti sakonda kuti zizinenedwa.

Mwafunsa ngati kamaonadi. Kunena zoona sikaona, kamamva. Kumutu kwake kuli timbale tating'onoting'ono ta dothi lowotcha la mtundu wina, kalikonse kochepa kuposa njere ya mapira. Magetsi akatigunda timanjenjemera n'kutumiza kaphokoso m'thupi, kamene khutu silingamve. Kaphokosoko kakagunda chinthu mkati kamabwerera, timbale tija timanjenjemeranso n'kutulutsa magetsi, ndipo foni imasandutsa zimenezo chithunzi.

Mukukumbukira limu ya tayala la lole ija inkapachikidwa pamtengo ngati belu kusukulu kwathu? Akaimenya yokha inkalira nthawi yaitali mpaka ife tinkaimva tili kutsidya kwa dambo, koma sukanadziwa ngati amenya kawiri kapena katatu, kulira kunkalowana. Wina akaigwira ndi dzanja inkangoti kho, kho, kho. Ukanawerenga bwinobwino, koma ukanayenera kukhala pafupi. Ntchito yanga yonse ndi imeneyo. Kumbuyo kwa timbale timamata phala la guluu ndi ufa wa chitsulo, ndilo dzanja logwira belu. Likachuluka chithunzi chimaoneka bwino koma mawu safika patali. Likachepa mawu amafika patali koma chithunzi chimakhala chifunga. Ndikufunafuna muyeso wopatsa zonse ziwiri, m'kanthu koti namwino aike m'thumba. Chaka chachitatu chino.

Kamene muli nako ndi ka chithunzi chooneka bwino, ndipo pamalo pamene mukufunapo ndi koyenera ndithu. Pakani saladi, mafuta ophikira aja, amagwira ntchito. Kanikizani pang'ono, muziyendetsa pang'onopang'ono. Mukaona chinthu chakuda chozungulira ngati dzira, kapena timiyala toyera, apite msanga. Mukangoona mizere yosalala si za changu, akhoza kudikira mpaka mutabzala. Koma adzapite ndithu.

Muwauze abusa kuti kupepukako ndiye luso lake.

Mthunzi


Vubwi, 17 Novembala 2024

Mthunzi,

Moni. Kalata yako ndinaipeza pa 9, nditapita ku boma kukafunsa za feteleza. Ndinawerengera onse. Ya belu ija atate anati ndibwereze.

Popeza wati ukudziwa kale, ndilankhula momasuka. Komanso anamkungwi anachita mwambo wawo Loweruka lapitalo, ndiye mimba ya Elina tsopano ili ndi chilolezo chooneka. Ndinadabwa kuti unazindikira mu Ogasiti, mwamuna iwe, pamene ngakhale Amos ankangoti mkazi wake wanenepa. Tsopano ndi miyezi isanu ndi iwiri. Wataya magazi kawiri, pa 20 Okutobala ndi Lachitatu lapitali. Samva kupweteka kulikonse, ndipo azakhali akuti chimenecho ndi chizindikiro chabwino.

Tinachita monga unanenera. Tinatseka chitseko, ine ndi amayi ndi azakhali. Ndinamupaka saladi pansi pa mchombo, iye akuseka kuti tikufuna kumukazinga. Ndinayendetsa kumanja, kumanzere, pamwamba, pansi. Dzira lakuda palibe. Timiyala palibe. Mizere yokhayokha yosalala, yowongoka kuposa ya m'munda mwa atate. Pansi pa mizereyo panali mdima. Ndinafunsa kuti nanga mwanayo ali kuti. Azakhali anati mwana saonedwa asanabadwe, ndipo ayamika kuti makina ako ali ndi ulemu.

Ndiye nkhani yagamulidwa motere. Popeza mkati mulibe bala, magaziwo ali ndi mwini wake, ndipo mwini wake ndi Amos. Azakhali akuti mwamuna akamayenda mosadzisunga mkazi ali woyembekezera, zimatulukira mwa mkazi. Amos walumbira atagwira Baibulo kuti ku Mozambique amangoona mbuzi. Azakhali akuti aulule, Elina amwe mankhwala a mizu, zithe. Za ku Katete zaimitsidwa mpaka titabzala.

Anamwino nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, “Mayi, mvula ikagwa mtsinje wanu uja ambulansi siwoloka.” Ndinawauza kuti mlongo wanga ndi amene amapanga makinawo. Anati, “Chabwino,” n'kuitana wotsatira.

Ine mdima uja sukundichoka m'maso. Koma iwe ndiwe unaphunzira. Kumwera mitambo yayamba kusonkhana.

Clementina


Cape Town, 23 Novembala 2024

Asisi,

Werengani izi pomwe mwaima. ELINA APITE KU KATETE LERO.

Ine ndinkaganiza kuti mukunena khosi la amayi. Za Elina sindinadziwe chilichonse. Kachida kaja kamamva zala zitatu zokha pansi pa khungu. Ndikokwanira pakhosi, ndi pamitsempha ya pamkono. Mizere munaonayo ndi khungu, mafuta ndi mnofu wa pamimba, basi. Mdima uja sukutanthauza kuti mulibe kanthu. Ndi pamene kachida kalekera kumva.

Ndathamangira kwa dokotala amene timagwira naye ntchito. Akuti magazi otuluka popanda ululu pa miyezi imeneyi ndiwo oopsa. Kawirikawiri ndiye kuti nsengwa, imene mwana amadyerapo, yakhala m'munsi n'kutseka njira. Matenda akayambira kunyumba magazi satha kuimitsidwa. Akuti asanyamule kanthu, asakwere njinga yamoto, asamwe mizu, ndipo wina aliyense asamuyeze ndi dzanja.

Ndaimba kasanu ndi kawiri. Foni yanu ili yotseka. Kalata yanu munailemba pa 17, yandifika lero, ndiye papita kale masiku asanu ndi limodzi. Ndikuona pano kuti mwachoka kale ku boma, chifukwa uthenga wanga sukulowa.

Asisi, chonde, kwerani pachulu paja ngakhale pali pachabe.

Mthunzi


Cape Town, 23 Novembala 2024

Amalume a Aroni,

Moni amalume. Ndikhulupirira muli bwino ku Katete pamodzi ndi apabanja. Ndakuimbirani koma simukuyankha, ndiye ndalemba kuti mukawawerengere akumudzi mawu anga enieni.

Ndikhululukireni polankhula zimene mwana wamwamuna sayenera kulankhula kwa amalume ake. Elina ali ndi pakati ndipo akutaya magazi. Anamwino anati apite kuchipatala chachikulu kwanuko. Akumudzi amuletsa chifukwa anamuyeza ndi kachida kanga kaja, n'kupeza kuti palibe vuto. Kachidako sikamva zakuya. Wolakwa ndine. Ndinawauza kuti akhoza kudikira.

Inu ndinu mwini mbumba. Atate ndi azakhali sangakane mawu anu pa mwana wa mlongo wanu. Koma ndikudziwa kuti adzati makina ananena kale. Ndiye chitani izi pamaso pawo. Pakani saladi pantchafu panu, ikanipo kachidako, muwauze akuonetseni fupa. Aliyense akudziwa kuti m'ntchafu muli fupa. Kachida sikalipeza.

Mukatero mupite kwa anamwino. Adzakuuzani kanyamulidwe kake.

Musadikire mawa, amalume.

Mphwanu,
Mthunzi


Katete, 28 Novembala 2024

Mphwanga Mthunzi,

Niliko bwino, ntchafu chabe ikali kununkha saladi.

Meseji yako ninaiona pa 25. Nenze ku maliro ku Sinda, foni yenze yafa batire. Ninasiya njinga za makasitomala zili miyendo m'mwamba, ninakwera honda yanga, njinga yamoto ija, sitireti ku Vubwi. Ninafika mvula yayamba kale kuwaza.

Atate ako ananilandira bwino mpaka ninawerenga kalata yako. Apo azakhali ako anaima. Ati, “Alamu, nkhani za azimayi mwayamba liti?” Ine ati lero. Ati, “Mwana yemweyo analemba kuti makina ni oyenera, manje akuti ni ogontha. Timvere kalata iti?” Atate ako enze kuyang'ana kabati. Uzidziwa, mphwanga, kuti kwa iwo kukana kachida kaja kwenze ngati kukukana iwe.

Manje ninachita zimene unanena. Ine Aroni, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ninapinda thalauzi mpaka pamwamba pamaso pa mlongo wanga, chinthu chimene sininachitepo chibadwire. Amayi ako anabisa nkhope mu mpango. Clementina anapaka saladi, anafuna fupa. Mizere, mizere, pansi mdima. Ine ati kanikiza. Mdima. Ninafunsa azakhali ako, “Nanga ine nimaimirira na chiyani?” Amos ni amene anauka, anapita kukamanga ng'ombe pa ngolo.

Nesi wa pakiliniki sanatikalipire, analemba chabe pepala na kutumiza uthenga ku boma. Tinagoneka Elina pa matiresi mu ngolo, m'mawa pa 27. Pamtsinje madzi enze m'mawondo mwa ng'ombe. Motoka ya chipatala inatipeza kutsidya. Namva kuti lero pamene tinawoloka paja sipaoneka.

Koma nisakunamize. Titapitirira Chadiza magazi anayamba futi, ambiri kuposa kale. Clementina anamugwira mutu njira yonse. Pofika kuno milomo yake yenze yoyera, enze kufunsa ngati tafika kumunda. Analowa naye mkati pamodzi na Clementina. Ise amuna tili panja pa benchi, ine na Amos. Sanatiuze kanthu.

Pemphera.

Amalume ako,
A. Phiri


Cape Town, 30 Novembala 2024

Asisi,

Moni. Ndikudziwa kuti foni yanu tsopano ikugwira, chifukwa ndikuona kuti makalata anga mwawatsegula. Amalume akungoti Elina akadali moyo. Ndiuzeni inu, ngakhale mzere umodzi.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Kachida kaja sikanali kopambana. Kanali koyesera, kamene tinakaika pambali chifukwa phala la kumbuyo linachuluka. Ndinakatenga kuti atate akhale ndi chogwira m'manja anthu akamafunsa chimene mwana wawo amachita kunja zaka zonsezi. Munandiuza kuti ndinene zoona, osati zodzitama. Ndinakuuzani za belu, koma zala zitatu sindinazitchule.

Ngati mwakwiya, lembani zokwiyazo.

Mthunzi


Katete, 8 Disembala 2024

Mthunzi,

Moni. Sindinakhale chete chifukwa cha mkwiyo. Ndinkadikira kuti ndidziwe ngati ndilemba kalata ya odwala kapena ya maliro.

Magazi a Elina anaima tsiku lachiwiri. Anamuunika ndi makina akuluakulu okhala pamateyala, mutu wa makinawo waukulu ngati chibakera. Ndinaima pambali. Pamene ine ndinkaona mdima panali msana, nthiti, ndi kamtima kakugunda ngati ka nkhunda. Adokotala analoza m'munsi n'kunena kuti nsengwa yatseka njira yonse. Ndinafunsa kuti zikanatha bwanji kumudzi. Anati, “Musafunse zimenezo, mayi.”

Samulola kutsika pabedi kupatula kupita kuchimbudzi. Akufuna mwanayo akhwimeko, kenako amuchite opareshoni. Akuti magazi akhoza kuyambanso ola lililonse. Ine ndimagona kumalo a odikira odwala, ndipo m'mawa uliwonse ndisanamupatse moni ndimayamba ndayang'ana nsalu ya pabedi. Iye amadziwa chimene ndikuyang'ana. Amati, “Asisi, yang'anani nkhope, ndili kuno.”

Usadzitengere mlandu wonse, ungakukulire mutu. Saladi ndinapaka ndine. Ndinaona mdima, ndinachita mantha, koma ndinakhulupirira pepala lochokera ku Cape Town kuposa anamwino amene anamugwira ndi manja. Ndipo ndikanalemba mawu atatu okha mu Okutobala, dzina lake ndi vuto lake, ukanandiyankha zina.

Kumudzi abzala popanda ife. Zikuoneka kuti zinali zotheka.

Clementina


Katete, 12 Januwale 2025

Mlongo wanga Mthunzi,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wachedwa. Amalume anakuimbira kale, koma iwo amafotokoza nkhani kuyambira pa ntchafu yawo, ndiye ndikulembera mwadongosolo.

Lachiwiri pa 7, dzuwa lili pamutu, Elina akudya mango, magazi anayamba. Sindinaonepo anthu ovala zoyera akuthamanga chotero. Anamutenga mango akadali m'dzanja. Ndinakhala pakhonde maola atatu. Pakati pake anatuluka anamwino kufunsa achibale oti apereke magazi. Amos anali atatambasula kale mkono asanamalize kufunsa.

Ndi mwana wamkazi. Ndi wamng'ono, koma mawu ali nawo. Elina anadzuka madzulo, funso lake loyamba linali lakuti mango ake anatenga ndani. Akuyenda pang'onopang'ono atagwira khoma. Adokotala akuti ngoziyo yadutsa.

Azakhali anabwera dzulo ndi nkhuku. Akuti iwo ankadziwa kale kuti Amos ndi mwana wodzisunga. Amos anawalandira nkhukuyo ndi manja awiri. Ndinamulemekeza.

Amayi nawo anabwera, ndipo popeza anali pano kale ndinawakokera kokaunikitsa khosi. Anavula mpango pamaso pa mlendo koyamba m'zaka khumi. Apatsidwa tsiku mu Malichi. Ndiye kalata yako yoyamba ya Novembala ija yapeza mwini wake.

Kachida kako kakadali m'kabati. Atate amaonetsabe alendo, koma tsopano amati, “Aka ndi koyamba, kamamva pafupi. Kachiwiri akupanga.” Ndiye upange. Ine za phala ndi timbale sindizidziwa. Ndili ndi pempho limodzi lokha. Kakafika pamene kalekera kumva, kazinena. Kalembe mzere wofiira, kalire, kachite chilichonse. Kasamangoonetsa mdima wosalala, chifukwa munthu wamantha amene ali ndi munda wosabzala amawerenga mdimawo monga akufunira.

Chomaliza. Ndilemba bwinobwino kuti usaganizenso za khosi la munthu. Ine Clementina, mlongo wako, ndili ndi pakati. Miyezi itatu. Amayi sakudziwa kuti ndalemba, ndipo azakhali akamva kuti ndakuuza adzadwala. Ndikangofika kumudzi ndikalembetsa kwa anamwino athu aja, ndipo nthawi ikayandikira ndidzabwera kudzadikira kuno, kaya chimanga chakololedwa kaya ayi. Sindidikira makina ako.

Koma ukabwera nawo mu Julayi ndidzakulola uyese. Tidzayambira pa ntchafu ya amalume.

Ndine mlongo wako,
Clementina